Khutu Liyamba, Diso Litsatira: Mvekero ndi Chibwereza kwa Ana a ku Karonga

Tsiku lina m'mwezi wa Meyi, pamene mpunga wa kilombero udali utayamba kuweramitsa ngala m'madambo a ku Kaporo, ndipo ana ambiri adali akulawirira kuminda kukainga mpheta asanapite kusukulu, ndidakhala pabenchi pansi pa mtengo wa mango pasukulu ina ya pulayimale kumpoto kwa boma la Karonga, kumvetsera mayi wina wachikulire akuphunzitsa ana a Sitandade 1. Anawo adali ochuluka ndithu, atakhala pansi mothithikana, mapazi ali mbuu. Ndipo ngakhale mayiyo adali atalemba lembo la g pabolodi, nalitchula mobwerezabwereza ndi mawu omveka bwino, iwo adangoti maso dwii, ena akujambula mumchenga ndi chala, monga achitira anthu amene afika pamlandu wosaudziwa chiyambi chake. Pamenepo padadutsa ngolo yokokedwa ndi ng'ombe ziwiri, itasenza matumba, ndipo mitu yonse idatembenukira kumsewu. Mphunzitsi wina akadakalipa. Koma mayi uja adaika choko pansi, nadikira kufikira ngoloyo itapitirira, nafunsa mofatsa kuti, "Ananu, ngolo ija imati bwanji?"

Kalasi imene idali zii idadzuka ngati njuchi zoputidwa. Wina adati gudugudu, wina gwedegwede, wina adatsanzira kulira kwa gudumu losowa mafuta, ndipo kamnyamata kena ka kumbuyo, kamene ndidamva pambuyo pake kuti kadali kasanayankhepo funso la Chichewa chiyambire chaka, kadaimirira n'kuyenda monga ng'ombe yotopa, kakuti gu, gu, gu. Mayi uja adatola choko nalemba gu, nalemba du, nawauza kuti, "Zimene mwanenazo ndi izi, mwazilemba ndinu, ine ndangokugwirirani choko." Atatero adafuna mawu ena oyamba ndi gu, ndipo adalandira gule, gula, gulu ndi gumula; ndipo mtsikana wina atapereka mawu a Kyangonde, sadawakane, koma adawalemba pambali, nafunsa anzake tanthauzo lake. Dzuwa lisanafike pamutu, lembo lija lidali litapeza malo m'mitu ya ana ambiri, chifukwa lidalowera pakhomo limene lidali lotsegula kale, ndilo khutu.

Mawu otere monga gudugudu timawatcha mvekero, ndipo palibe munthu woyamwa Chichewa amene amatha tsiku osawagwiritsa ntchito, ngakhale iye amene sadapondepo m'kalasi. Ena mwa iwo amatsanzira phokoso lenileni: mwala ukagwera m'nyanja umati chubwi, mlendo pachitseko amati gogogo, tambala amati kokoliriko, mvula ikamabwera m'nthochi imati waa. Koma chodabwitsa cha ziyankhulo zathu n'chakuti mvekero sulekera pa zomveka m'khutu zokha, pakuti umatha kupereka liwu ngakhale kwa zinthu zosalira konse. Ufa woyera timati uli mbee, mdima uli bii, magazi ali psuu, dimba lili biliwiri. Nzimbe ili tseketseke, mtsuko wadzaza ndendende, mphenzi ikuti ng'aning'ani, mbala ikuyenda nyang'anyang'a, mlendo wangoti balamanthu. Kodi kuyera kuli ndi phokoso lanji? Kulibe; komatu munthu akati mbee, natalikitsa liwu lomalizalo, maso a womvera amaona kuyerako koposa m'mene akadaonera atauzidwa kuti ufawo ndi woyera kwambiri. Ngakhale bata lenilenilo, limene ndi kusowa kwa phokoso, tidalipatsa mawu ake: phee, zii, chete.

Ndipo wina asayese kuti mvekero ndi zokometsera chabe zopachikidwa pachiyankhulo monga mikanda pakhosi, pakuti aneni ambiri a Chichewa adabadwa m'mimba mwa mvekero. Kuchokera ku thyo tidapeza kuthyoka ndi kuthyola. Ku gubudu, kugubuduka ndi kugubuduza. Ku tembenu, kutembenuka. Ku phuli, kuphulika. Ku gogo, kugogoda. Ndipo njinga yamoto itafika m'dziko muno, anthu sadadikire bungwe la akatswiri kuti liipatse dzina, koma adaimvetsera naitcha mthuthuthu. Akuluakulu a ku Karonga akamasimba za zivomezi za mu Disembala 2009, zimene zidagwetsa nyumba zambiri ndi kugoneka mabanja panja m'nyengo ya mvula, sanena za miyeso ya akatswiri a miyala. Amanena, aliyense m'chiyankhulo chake, m'mene nthaka idachitira gwedegwede ndi m'mene khoma lidatira khu, ndipo womvera amagwidwa nthumanzi ngati adalipo. Mwana amene waphunzira kuona kuti m'kati mwa kugwedezeka muli gwede wagwira chingwe chimene chidzamtsogolera m'mawu mazanamazana.

Alendo amene adayamba kulemba ziyankhulo zathu adazizwa nacho chuma chimenechi. M'busa David Clement Scott wa ku Blantyre, m'buku lake lalikulu lotanthauzira mawu a Chimang'anja la mu 1892, adasonkhanitsa mvekero wochuluka. Ndipo mu 1935 katswiri wa ziyankhulo Clement Doke wa ku South Africa adaona kuti mawuwa sangakwane m'magulu a galamala ya ku Ulaya, nawaika m'gulu lawolawo. M'zaka za m'ma 1990 mwana wa dziko lino, Andrew Kulemeka, adalemba kafukufuku wake wa digiri yapamwamba ku yunivesite ya Indiana ku America pa mvekero wa Chichewa. Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti pamene ophunzira a kutali adavula chipewa pamaso pa mvekero, ife eni ake nthawi zina timauyesa chiyankhulo cha ana ndi cha agogo osaphunzira, kotero kuti mwana akalemba m'chimangirizo kuti galu adangoti phethu, alipo aphunzitsi amene amadula mawuwo ndi inki yofiira. Olemba athu akale, a Samuel Josia Ntara, a John Gwengwe, a E. J. Chadza ndi anzawo, adalemba Chichewa chomveka ngati cha munthu wokhala pabwalo, ndipo sadachite nacho manyazi.

Luso lachiwiri, limene limayenda ndi mvekero monga mkono ndi dzanja, ndi chibwereza cha maliwu, ndiko kubwerabwera kwa liwu limodzi kumayambiriro a mawu otsatizana. M'Chingerezi mlakatuli amachita kutuluka thukuta kufunafuna mawu oyamba mofanana. Koma ife Chauta adatininkha lusoli m'mafupa enieni a chiyankhulo, popeza dzina likayamba ndi liwu lina, mawu onse olitsata amavala yunifolomu yomweyo. Tamvani: kamwana kanga kakang'ono kaja kakulira, chipewa changa chatsopano chija chagwa, tiana tathu tiwiri tatopa. Mmishonale William Boyce, polemba galamala ya Chixhosa mu 1834, adafotokozera Azungu mgwirizano umenewu, ndipo adauona ngati lamulo la kukoma kwa mawu m'khutu. Tsono mwana wa zaka zitatu, amene sadziwa kuti kunja kuno kuli galamala, amausunga mgwirizanowu osaphonya kawirikawiri, chifukwa khutu lake lidauphunzira ali kumsana kwa amake.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikhudzira Karonga koposa maboma ambiri. Mwana wa ku Dowa kapena ku Dedza akafika m'kalasi ya Chichewa amapeza chiyankhulo cha kunyumba kwawo chitamdikira pabolodi. Koma mwana wa kwa Kyungu, wa ku Ngerenge, wa ku Chilumba kapena wa m'mbali mwa mtsinje wa Songwe amafika ndi Kyangonde, Chitumbuka, Chinyakyusa kapena Chindali, mwinanso ndi Chiswahili cha pamsika, ndipo Chichewa amachidziwira pawailesi ndi pakamwa pa alendo. Chiyambire 1968, pamene Chichewa chidakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha fuko lonse ndipo Chitumbuka chidachotsedwa m'sukulu ndi pawailesi, ana a kumpoto akhala akuphunzira kuwerenga m'chiyankhulo chosayamwira. Mu 1996 Unduna wa Zamaphunziro udalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'ziyankhulo za makolo awo, koma mabuku ake sadafike m'makalasi monga kudayenera. Lamulo la maphunziro la mu 2013 lidaika Chingerezi patsogolo. Ndipo ndondomeko ya boma yophunzitsa kuwerenga, imene idayamba m'dziko lonse mu 2016, imaphunzitsa maliwu, malembo ndi maphatikizo m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Akuluakulu adati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Koma mwana wa ku Karonga amauyamba mpikisanowu atasenza katundu amene mnzake wa kuchigawo chapakati sadasenze.

Sindifuna kuweruza mlandu wa malamulowo pano, ngakhale ndili nawo maganizo anga. Chimene ndifuna kuonetsa n'chakuti pakati pa ziyankhulo zimenezi pali mlatho umene udamangidwa kale ndi makolo, ndipo mlathowo ndi wa maliwu. Mchewa akati zinthu zanga zabwino, Mtumbuka amati vinthu vyane viwemi, ndipo Mngonde amati ifindu fyangu ifinunu: uyu ayimba ndi z, uyo ndi v, winayo ndi f, koma nyimbo yake ndi imodzi. Pamene Mchewa ali ndi chi, Mngonde ali ndi ki kapena kya, monga timvera m'dzina lenileni la Kyangonde. Mphunzitsi wanzeru akalemba ziganizo zitatuzo pabolodi, nauza ana kuti aombe m'manja paliponse pamene liwu labwereza, mwana amazindikira yekha kuti Chichewa si chilombo chochokera kutali, koma ndi msuweni wa chiyankhulo cha amake, wovala malaya ena chabe. Mvekero nawo uli chimodzimodzi: ziyankhulo zonsezi zili nawo wochuluka, ndipo ngakhale pamene mawu ake asiyana, mchitidwe wake mwana amaudziwa kale, kotero kuti amene sangathe kumanga chiganizo chathunthu cha Chichewa angathe kunena m'mene bwato limatira pogunda mchenga, nakhala wayankha m'kalasi, nayamikiridwa pamaso pa anzake. Kuyamikiridwa koyambako n'chinthu chachikulu pamoyo wa mwana, pakuti m'mera mpoyamba.

Pali maliwu ena a Chichewa amene amapunthwitsa lilime la mwana wa kumpoto, makamaka ps, bz, ts ndi dz, amene Chitumbuka chilibe, ndiponso z ndi v, amene ndi osowa mu Kyangonde. Pano ndichenjeze ndi mtima wonse. M'buku la Oweruza muli mbiri yoopsa ya anthu a ku Efraimu amene adaphedwa pamadooko a Yordano, anthu 42,000, chifukwa lilime lawo silidathe kutchula liwu limodzi monga adalitchulira a ku Gileadi. Masiku ano palibe wosolola lupanga chifukwa cha katchulidwe, koma kuseka kwa kalasi kumapha kanthu kena m'kati mwa mwana, ndipo amene wasekedwa kamodzi chifukwa cha dz angathe kutseka pakamwa chaka chathunthu. Mankhwala ake ndi kusandutsa chopunthwitsacho kukhala masewera, momwe aliyense, ndi mphunzitsi yemwe, amaloledwa kuphonya. Mphunzitsi angathe kupeka mawu opinda lilime a iye mwini, monga akuti phala lapsa, mphika wapsa, wopsereza wapsa mtima. Kapena akuti dzana dzuwa lidadza, dzulo dzombe lidadzaza dzenje. Kapenanso akuti mavu avuta mvuu m'mvula. Anawo anene pang'onopang'ono, kenaka mofulumira, mpaka onse agwe ndi phwete. Ndipo akatha, mphunzitsi wochokera kumwera apemphe anawo kuti amphunzitse kutchula gh wa mu ndagha kapena zg wa Chitumbuka, kuti aone kuti nayenso lilime limamkana. Kusiyana kwa pala ndi phala, kapena kola ndi khola, ana amakugwira msanga akaika chikhato patsogolo pa milomo, namva mpweya ukuwomba pa liwu lina koma osawomba pa linzake.

Anthu a ku Karonga safunika kuphunzitsidwa ndi mlendo za kutsanzira maliwu, popeza gule wawo wotchuka ndi umboni wokwanira. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idafika pakhomo pawo mu Seputembala 1914, pamene asilikali a Germany ochokera kumpoto adamenyana ndi a Britain pa Karonga penipeni. Ndipo nkhondo itatha, amuna a m'mbali mwa nyanja amene adaona perete wa asilikali ndi kumva malipenga awo a mkuwa adatenga zikho, naziboola, namata pabowo kansalu kopyapyala ka kangaude, nayamba kuyimbiramo, kotero kuti chikho cha m'munda chidalira ngati lipenga la Mzungu. Ndiwo magwero a malipenga ndi mapenenga amene timaonera lero, amuna atavala zoyera mbee, akuponda mwaulemu motsata ng'oma. Mwana amene wakulira m'mudzi momwe ng'oma imaphunzitsidwa ndi pakamwa isanaphunzitsidwe ndi manja ali kale ndi khutu lodziwa kudula mawu m'zidutswa, ndipo kudula mawu m'zidutswa ndiko kuwerenga maphatikizo. Amene tidaphunzira ndi buku la Sosa tikukumbukira m'mene tinkayimbira maphatikizo ngati nyimbo, ndipo ambiri a ife tidadziwa kuwerenga chifukwa cha kuyimbako. Ngakhale kunyumba yosungiramo zakale ya pa Karonga, imene idatsegulidwa mu 2004, kumene ana a sukulu amakaima kukamwa kuli yasa pamaso pa mafupa a chinyama chija chotchedwa Malawisaurus, mphunzitsi angathe kufunsa kuti, kodi chimenechi chikamayenda nthaka inkati bwanji? Palibe munthu adachimvapo, tsono yankho la mwana aliyense ndi lolondola, ndipo aliyense abwerera kwawo atapeka mawu akeake.

Komabe ndisabise kuti lusoli lili ndi msampha wake, makamaka kwa ana okulirapo amene ayamba kupeka ndakatulo. Popeza chibwereza cha mgwirizano chimabwera chokha, chopanda thukuta, sichiyenera kuyesedwa luso lalikulu; aliyense angathe kundandalika ka, ka, ka mpaka tsamba kudzaza, osanena kanthu. Luso lenileni lili pa kusankha mawu amene maliwu ake akugwirizana ndi chimene chikunenedwa, monga adachitira makolo m'miyambi. Tamvani m'mene mwambi wakuti khotekhote ngwa njira umakhotera m'kamwa monga ikhotera njirayo. Kapena m'mene wakuti walira mvula walira matope umabwerezera mawu amodzi kuti womvera aone kuti zinthu ziwirizo n'zosalekanitsika. Kapena wakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, m'mene kukomako kwanenedwa kawiri monga chinthu chodzionetsera. Miyambi imeneyi yakhala zaka mazana popanda pepala chifukwa maliwu ake ndiwo adali ulusi woisoka m'mitima. Aisraeli nawo adadziwa chinsinsi chomwechi, pakuti Salmo 119 m'Chihebri lili ndi zigawo 22, ndipo m'chigawo chilichonse mavesi onse 8 amayamba ndi lembo limodzi, kuti woliloweza asasokere. Chimene sindikondwera nacho ndi chizolowezi cha alakatuli ena a masiku ano chokakamiza mizere yonse kuthera mofanana, mpaka kupotoza tanthauzo kuti mchira ufanane ndi mchira unzake; m'chiyankhulo chimene mawu ake onse amathera ndi lembo la liwu, kufanana kwa kumapeto n'kotsika mtengo, ndipo mphamvu yathu ili kumutu kwa mawu ndi m'kati mwake. Chimodzimodzinso mvekero uli ngati mchere: ndiwo zopanda mchere sizidyeka, koma wothira dzanja lonse wataya mphika.

Sukulu yoyamba ya zonsezi sidali ya njerwa. Idali pabwalo madzulo, mwezi uli mbee, agogo akuyamba nthano ndipo ana akuvomera kuti tili tonse. Idali m'vidokoni za Atumbuka, m'ndagi zoponyerana, m'nyimbo za pamtondo momwe munsi umagunda pamalo ake enieni a liwu, ndi m'nyimbo zotonthoza khanda. Wosimba nthano waluso sanena kuti Kalulu adathawa. Amati Kalulu uyo, liwiro, psiti, ndipo ana amamuona akulowa m'tchire. Lero madzulo ambiri adalandidwa ndi mafoni ndi nyumba zoonetsera mafilimu, ndipo sindinena zimenezi monyoza, pakuti nyengo iliyonse ili ndi zake. Koma mwana amene sadamvepo nthano pakamwa pa munthu wamoyo amafika kusukulu khutu lili ndi njala, ndipo mphunzitsi mmodzi wa ana ochuluka chotere sangathe kulidyetsa yekha.

Chifukwa chake ndikupempha inu amene mukusula aphunzitsi pa koleji ya Karonga TTC, kuti mwa zonse zimene muwapatsa achinyamata amenewo musaiwale kuwauza kuti asonkhanitse mvekero ndi mawu opinda lilime a m'midzi imene adzatumizidwako, nawalembe m'kope, a Kyangonde, a Chitumbuka ndi a Chichewa pamodzi. Inu a nyumba zoulutsira mawu za m'bomali, a Tuntufye FM ndi a Radio Dinosaur, amene mumayankhula kale ndi anthu m'ziyankhulo zawo, patulani kamphindi pasabata koti agogo asimbe nthano ndipo ana aponyerane ndagi. Ndipo inu makolo, amayi ndi abambo, amene mwina mumati sitidapite patali ndi sukulu, tingamthandize bwanji mwana: simufunika buku kapena ndalama. Madzulo ano, mpunga uli pamoto, itanani mwana wanu akhale pafupi, mumfunse kuti mphikawo ukuti bwanji, ndipo mumvetsere chimene ayankhe.